Mphero ya Amayi Ili mu Mpanda

Mpanda umene ndikunenawu uli m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera ku Chitakale kulowa m'minda ya tiyi, kumunsi kwa phiri. Umazungulira nyumba yakale ya bwana wa esiteti pamodzi ndi munda wake wa maluwa. Kuchokera pansi kufika m'chiuno mwa munthu ndi wamiyala, kumwambako ndi wa njerwa zofiira zimene tsopano zinada ndi ndere. Masiku ano m'nyumbamo simukhalanso bwana. Aboma anati ndi chinthu chakale choyenera kusungidwa, ndipo pageti anakhomapo chikwangwani choletsa kugumula kapena kuchotsa chilichonse. Alendo amabwera kudzajambula mpandawo, ena amausisita ndi manja. Ine sukulu ndinaiyamba imvi zitatuluka kale, ya kwacha ija, ndipo chikwangwanicho ndinachiwerenga ndekha pang'onopang'ono, mpaka ndinamva ngati anachilembera ine.

Mukatsata mpandawo mbali ya kunja, kupitirira pamene pali mtengo wa mkuyu, muona mwala umodzi wosiyana ndi inzake. Uli pa msinkhu wa bondo. Inayo ndi yokhakhala, koma uwu ndi wosalala, ndipo pakati pake ndi pokumbika ngati chikhatho. Imeneyo ndi mphero ya amayi anga.

Inachokera kutsidya, ku Mozambiki. Agogo anga aakazi, pothawa ntchito yokakamiza, anasiya mbuzi, anasiya mitsuko, koma mphero anakana kuisiya. Ankasinthana kuisenza ndi mng'ono wawo mpaka anawoloka nayo Ruo. Amayi ankati khosi la agogo linapindika pa ulendo umenewo ndipo silinawongokenso. Kwathu chinthu chotere chimayenda mwa akazi, mayi amasiyira mwana wake wamkazi. Choncho inali yoti idzakhale ya achemwali anga, amene ndinapondana nawo pamutu, iwo akulu ine wamng'ono.

Mphero ili ndi mwana wake, kamwala kogwira m'manja kamene amaperera. Ziwirizi zimadyana pang'onopang'ono mpaka zimakwanirana, moti mwana wa mphero ina sakhala bwino pa mphero ya eni. Ine ndinakula ndikumva ziwirizi zikulira kuseri kwa nyumba, khwee, khwee, amayi akupera mawere a thobwa.

Chaka china dzinja linakula, napolo anatsika m'phiri. Kwathu sanafike ndi mphamvu zake zonse, koma madzi osefukira anakankha mpanda mbali ya kumsewu, chigawo chachitali ndithu chinagwa, miyala ina n'kukokoloka. Nthawi imeneyo ndinali ndi ndevu zoyamba, ndikugwira ntchito m'munda wa maluwawo. Bambo anali atamwalira, ndipo nyumba imene tinkakhala kumalaini a esiteti tinkakhalamo chifukwa cha ntchito yanga. Ntchito ikanatha, tikanagona panja.

Mbuzi zinayamba kulowera pogumukapo n'kumadya maluwa a dona, mkazi wa bwana. Kapitawo, amene ankatiyang'anira pa ntchito, anabwera kumalaini masana, chipewa chake chikudontha.

"Nyumba iliyonse ipereke mwala umodzi wophwatalala," anatero. "Yoburungira ya mumtsinje ija amisiri aikana, akuti siikhazikika. Tingotseka podutsa mbuzi basi. Thirakitala ikabwera ndi miyala ya kuphiri, aliyense adzatenga wake."

Anthu anatulutsa zimene anali nazo. Wina mwala wopondapo pakhomo, wina wochapirapo zovala, wina wonolera zikwanje. Ife tinalibe chophwatalala chilichonse kupatula mphero. Achemwali atangoona kumene maso anga ankayang'ana, anakakhala pamwamba pake, miyendo atatambasula.

"Akanyamule phiri lonselo kapitawo wakoyo," anatero. "Apa ndakhalapo ine."

Amayi ankasankha nandolo m'lichero.

"Amayi, akuti tidzatenganso," ndinatero.

"Akutero ndani?"

"Akapitawo."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ndibwera nayo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anauza achemwali kuti adzuke. Anatenga mwana wa mphero n'kuwapatsa achemwaliwo. Mpheroyo anaipukuta ndi nsalu imene anavala, anandipindira nkhata, n'kundithandiza kusenza.

"Ubwere nayo, mwanaka."

Pogumuka paja ndinapeza mmisiri womanga, bambo wachisilamu wa ku Chonde, wa kachipewa koyera, wosakonda kuyankhula. Pambali pake anthu ankakanda laimu ndi mchenga. Ndinatembenukira kwa kapitawo.

"Nanga laimuyu ndi wa chiyani, poti tikungotseka?"

"Bwana wasintha maganizo," kapitawo anayankha osandiyang'ana. "Iwe ndiwe wa maluwa. Kathirire maluwa."

Pamenepo n'kuti kunja kukugwa mvula. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo pang'ono.

Mmisiri uja atalandira mwalawo anautembenuza, n'kuyendetsa chala chake m'mimba mwake.

"Iyi ndi mphero. Ndi ya yani?"

"Ya amayi anga."

Anayang'ana kapitawo. Kapitawo anayang'ana kuphiri. Mmisiriyo akanatha kuigoneka chafufumimba ngati miyala inayo, osaonekanso. Koma anaiimika chammbali, mimba yake kuyang'ana kumsewu, n'kuizinga ndi laimu mosamala.

"Ndaiika poonekera," anatero motsitsa mawu. "Mwini wake asamavutike kuifunafuna."

Ine ndinangoima, nkhata ili m'manja. Ndinabwerera nayo kunyumba nkhatayo. Thirakitala inabweradi patapita miyezi, koma miyala yake anakamangira dziwe la nsomba la dona.

Amayi sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Zikanakhala bwino akanatero. Chimene ankachita n'chakuti popita kokathyola tiyi, dengu lili kumsana, akafika pa mkuyu paja ankawerama n'kuika dzanja m'mimba mwa mpheroyo, kusisita kawiri katatu, n'kupitiriza ulendo. Pobwera chimodzimodzi. Ine ndinkakhala mkati mwa mpanda ndikupalira maluwa, ndipo ndinkamva dzanja lawo likukhula mwala kuseriko. Ndinkaleka kulima mpaka adutse.

Achemwali ndiye sanandisiye. Paukwati, pamaliro, pamowa, pakangosonkhana anthu ankandiloza.

"Mukumuona uyu? Ndi amene anakakwatitsa mphero ya amayi kwa mzungu. Sanatitengereko ngakhale nkhuku."

Anthu ankaseka. Mwana wa mphero uja anamusunga atamukulunga m'kansalu, ndipo tikakangana ankamutulutsa n'kunena kuti tsiku lina adzandiphwanya naye mutu, kuti mwina agwireko ntchito.

Sikuti sindinayese. Azungu aja atapita kunabwera mabwana ena, akuda ngati ine. Mmodzi ndinamupempha nditagwada. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndigumule mpanda chifukwa cha mwala woperera? Kodi simunamve kuti kunabwera zigayo?"

Tsiku lina ndinabwereka tchizulo ndi hamala. Ndinafika pamalopo, ndinagogoda laimuyo kamodzi, galu wa bwana anauwa mkati. Ndinali ndi ana anga kale nthawi imeneyo, onse m'nyumba ya esiteti. Ndinabweza tchizulo kwa mwini wake.

Amayi anadwala m'chilimwe. Tsiku lomaliza kunali dzuwa lambiri, tinawagoneka pamphasa pakhonde kuti apitidwe mphepo. Anali atasiya kuzindikira anthu, koma ine nditafika kuchokera kuntchito anatsegula maso n'kuyang'ana pamutu panga, osati nkhope, pamutu.

"Wabwera nayo?"

"Mawa, amayi."

"Eya," anatero, n'kutseka maso.

Maliro atatha ndinabwerera ku maluwa. Inali nyengo ina ya chiperoni, kamvula kosaleka kaja kamene kamabisa phiri lonse, pamene ndinamva koyamba. Ndinali mkati ndikudulira maluwa m'mawa, ndipo kuseri kwa mpanda dzanja linakhula mwala, kawiri katatu, n'kuleka. Ndinathamanga kuzungulira pageti. Msewu unali mbee, wopanda munthu, nkhungu yokhayokha. Miyala yonse inali yonyowa ndi yobiriwira, koma m'mimba mwa mphero munali mosalala, mopanda ndere ngakhale pang'ono. Mwina alendo odutsa ndi amene amaikamo manja. Ndadziuza zimenezo zaka zambiri. Ndinapempha kuti andisinthe ntchito, anandipititsa kothyola tiyi, ndipo msewu umenewo ndinaleka kudutsamo. Nditapuma pa ntchito ndinakamanga ku Likhubula, kwa mkazi wanga. Komabe chiperoni chikabwera ndinkamva dzanja lija ngakhale ndili kutali.

Dzinja lina la posachedwapa mvula inagwanso yoopsa. Itasiya, mnyamata wa kabaza amene anandinyamula kupita ku Chitakale anandiuza kuti mpanda wa nyumba yakale ija wagwa, mbali ya kumsewu, pafupi ndi mkuyu. Ndinamuuza kuti akhote.

Miyala anali ataitola kale n'kuindandalika pa udzu, kuseri kwa chingwe chimene anamanga pa zikhomo. Mphero ndinaiona ndisanatsike n'komwe. Inagona chagada, m'mimba mwake muli madzi a mvula. Kuyambira tsiku limene ndinaisenza, aka kanali koyamba kuiona itagona mmene mphero imagonera.

Ndinadutsa pansi pa chingwe. Ndinagwada, ndinalowetsa zala pansi pake, ndinakoka. Siinasunthe. Ndinakokanso mpaka m'maso munachita mdima. Mwala umene agogo anayenda nawo kuchokera kutsidya, umene ine ndinausenza ndikuthamanga, unangondiyang'ana.

"Madala! Mukufuna mufere pano kuti andimange ine?"

Anali mlonda, bambo wamfupi wa jekete lalikulu, chibonga chili m'khwapa.

"Ndi wa kwathu mwalawu."

"Aa, nanga ine nyumbayi si ya kwathu? Tiyeni munyamule mwalawo, ine ndinyamule denga." Anandigwira pamkono n'kundidzutsa. "Mwadya koma?"

Anandikhazika pa chitsa n'kukaitana amayi ena amene anatumidwa ndi boma kudzayang'anira ntchito yokonzanso mpandawo. Anali mayi wa msinkhu wa ana anga, atavala nsapato za jombo zodzaza matope. Anakhala pansi pa udzu wonyowawo n'kumvetsera nkhani yonse osandidula. Nditamaliza anapita kukaugwira mwalawo, kenako anayenda kuyang'ana inayo umodziumodzi. Ndinawalozera wonolera zikwanje uja, ndi wina wochapira.

"Agogo, ndikanakonda ndikuuzeni kuti tengani," anatero. "Koma lamulo la malo ano ndi lakuti mwala uliwonse ubwerere pamene unali. Ine ndilibe mphamvu yochotsa, ngakhale yoonjezerapo china. Ndikanena kumene ndachokera, koma sindikunamizani, yankho ndikulidziwa."

"Ndinalonjeza amayi anga."

"Ndamva, agogo."

Anathothola udzu pang'ono.

"Amisiri afika pamalo amenewa sabata ya mawa. Kufikira tsiku limenelo ili pansi. Achemwali anuwo angathe kubwera?"

Achemwali ankakhala ndi mdzukulu wawo wamkazi kuseri kwa msika wa Chitakale. Maso anali atafa, miyendo nayo inkakana. Ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa.

"Ndani ameneyo akukoka mapazi ngati wakuba mbuzi?"

"Ndine, achemwali."

"Oo, ankhoswe a mphero. Kwagwanji?"

"Yatuluka mu mpanda. Ili pansi."

Sanaseke. Anatembenuzira nkhope kwa ine ngati akundiona.

"Wabwera nayo?"

Mawu awo anali omwe aja a amayi, ngakhale katchulidwe kake. Ndinagwira mzati wa khonde.

"Akana. Akuti mukhoza kupita kukaiona, asanaibwezeremo."

"Kukaiona ndi maso ati, chitsiru iwe?" Kenako anaitana mdzukulu wawo. "Kandigulire mawere pamsika, odzaza manja awiri okha. Unditulutsirenso kansalu kaja kali pansi pa pilo."

Tinapita m'mawa wa tsiku limene amisiri ankafika pa mkuyu. Achemwali anakwera kabaza, mdzukulu akuyenda pambali atawagwira kumsana. Njira yonse ankatukwana wopalasa kuti akusankha dala mabampu. Mlonda uja anatsitsa chingwe kuti asapunthwe.

"Takulandirani, agogo. Achimwene anuwa anafuna kutibera mpanda wonse tsiku lija."

"Uyu? Sangabe ngakhale nthochi. Amangodziwa kupereka."

Tinawagwaditsa patsogolo pa mphero. Anaifufuza ndi manja m'mbali monse, n'kupeza pamene panabenthuka kalekale agogo ataigwetsa pa Ruo. Anapempha madzi, anaitsuka, anaipukuta ndi nsalu imene anavala. Anamasula kansalu kaja, n'kukhazika mwana pa mayi wake. Anakwanirana ngati analekana dzulo.

Anathira mawere n'kuyamba kupera. Khwee, khwee. Amisiri anasiya kukanda laimu. Amayi a boma aja anaima poteropo, manja atapinda. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikadzutsa mutu ndiona kuseri kwa nyumba ya kumalaini, ndipo munthu amene akupera sakhala achemwali.

Mphamvu zinawathera msanga. Anatapa ufawo ndi chala n'kulawa. Unali wotuwa. Analavula.

"Laimu yekhayekha," anatero. "Yamwa laimu mpaka mkati. Iyi singadyetsenso munthu."

Anauza mdzukulu kuti nayenso apereko. Mtsikanayo anagwada, anakankha kangapo mwamanyazi, mawere akuthawira m'mbali. Achemwali anamugwira manja n'kumuonetsa kaperedwe kake, kamodzi, kawiri.

"Basi. Wagwirako. Udzanene kuti unagwirako."

Kenako anakweza mwana wa mphero m'mwamba, kulunjika kumene ankamva mawu a amisiri.

"Bambo womanga, muli kuti? Uyu mumuike pamodzi ndi mayi wake. Musawalekanitsenso."

Mmisiri wake anali mnyamata wa makono, wa chipewa cholimba chachikasu. Anayang'ana amayi a boma. Ine ndinakumbukira zimene anandiuza, kuti kuonjezera nakonso n'koletsedwa. Amayiwo anayang'ana kamwalako kwa kanthawi.

"Kuseri kwa miyala ikuluikulu mumatsekera timiyala ting'onoting'ono, si choncho?" anafunsa.

"Eya, mayi."

"Timeneto sindikusankhirani ine," anatero, n'kupita kukaona njerwa mbali ina.

Anthu awiri ananyamula mphero n'kuiimika pamalo pake, mimba kuyang'ana kumsewu monga kale. Mmisiri analowetsa mwana uja kumsana kwake, n'kutseka ndi laimu, n'kusalaza ndi mpeni wake womangira. Achemwali ankamvetsera kulira kwa mpeniwo mpaka unaleka. Ufa wotuwa uja anauwaza pansi pa mpanda.

Ndikuwathandiza kukwera kabaza, anandigwira dzanja mwamphamvu. Ndinayesa anena kuti nkhani yatha.

"Sunabwere nayo, achimwene," anatero. "Ndachita kubwera ndine."

Aka kanali koyamba kunditchula achimwene. Sindinadziwe ngati ndi ulemu kapena ndi chilango, ndipo sindinawafunse. Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho.

Mpanda anaumaliza, ndere zayambanso kumera pa laimu watsopano. Amayi a boma aja ananditumira uthenga kudzera mwa mlonda kuti anakanena, ndipo yankho linali lomwe ankalidziwa lija. Mdzukulu wa achemwali amakagayitsa kuchigayo ngati wina aliyense.

Msewu uja ndinayambanso kudutsamo. Chiperoni chikabwera sinditha kukhala m'nyumba, ndimavala jekete n'kukwera kabaza mpaka pa mkuyu. Mlonda amati akandiona amakuwa kuti wakuba uja wabwera, n'kunditulutsira chitsa. Ndimakhala moyang'anana ndi mphero, nkhungu ikutsika m'minda ya tiyi. Dzanja lokhula mwala lija sindilimvanso. Chimene ndimamva tsopano chimachokera mkati mwa mpanda, chapansipansi, khwee, khwee. Ndinamufunsa mlonda tsiku lina ngati akumva kanthu. Anati ndi madzi akuyenda m'miyala.

Sindidziwa ngati amayi akupera chifukwa akondwa kuti zinthu zawo zakumana, kapena akungopitiriza ntchito poyembekeza kuti mawa lija lifike. Ndisanachoke ndimawerama, mawondo akulira, n'kuika dzanja m'mimba mwa mpheroyo. Sindinena kanthu. Mawu amene ndinali nawo ndinawanena kale kawiri, kwa munthu mmodzi yemweyo.